Paipi Imene a Chikhutu Anakwirira

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Anthu onse ankangoti a Chikhutu, ndipo eni akewo analeka kalekale kukwiya nalo. Anali pulambala, koma osati wa galimoto yolembedwa dzina m'mbali. Chuma chawo chinali njinga yakapalasa, chikwama cha masipanala, ndi chitsulo chotalika ngati mkono chimene anachikhomera kamtengo kumapeto. Chitsulocho ankachigunditsa pa paipi, kamtengoko n'kukatsamiritsa kukhutu, kenako n'kutsinzina. Madzi akamathawa penapake, kaya m'khoma kaya pansi pa simenti, iwo ankawamva. Anayamba ndi kukumba ngalande zoyalamo mapaipi, ndipo pofika nthawi ya nkhaniyi anali atatha zaka makumi atatu akumvetsera madzi a eni ake.

Ndikuti a eni ake chifukwa kwawo kunalibe oti n'kumvetsera. Ankakhala kumunsi kwa mzinda, kumene mpopi ukautsegula umayamba watsokomola, kenako n'kukhala chete. Madzi ankabwera kawiri pa sabata, pena kamodzi, pena n'kuiwala. Akazi awo ankadziwa kuchapa, kukolopa ndi kuthira m'chimbudzi ndi ndowa imodzi yomweyo, madziwo akusintha ntchito mpaka atada bii. Ntchito ya a Chikhutu inali kumtunda, ku nyumba za mipanda italiitali, kumene kapinga amakhala wobiriwira ngakhale dzuwa litang'amba nthaka.

Kumtundako ankawaitana kawirikawiri pa nkhani imodzi: bilu ya madzi yakwera, mita ikunama. A Chikhutu sanaonepo mita yonama. Chimene ankaona ndi nyumba ya zimbudzi zisanu ndi chimodzi, okhalamo atatu, chimbudzi cha kuchipinda cha alendo chikungoyenderera usana ndi usiku popanda woponda m'menemo miyezi inayi. Anaonapo kapinga akuthiriridwa mvula ili mkati, poti makina othirira anawatchera nthawi ndipo palibe ankadziwa kuwazimitsa. Anaonapo dziwe losambiramo likuphwetsedwa lonse chifukwa munagwera buluzi. Kwina anapeza mnyamata wandevu zake, mwana wa eni nyumba, akutsegula shawa yotentha n'kutseka chitseko ola lathunthu kuti nthunzi iwongole malaya, simbi ili pa tebulo.

Koma chimene chinkawanyansa kuposa zonse sichinali madzi otayikawo. Chinali chakuti nyumba iliyonse, asanaitane pulambala, ankayamba aloza chala wantchito. Wagadeni ndiye amagulitsa madzi. Wophika ndiye amasiya mpopi. Wochapa ndiye amachapa za kwawo. Munthu wosamba kawiri pa tsiku m'bafa loti mungalowe ng'ombe, n'kumawerengera mnzake kapu. A Chikhutu ankangogwira ntchito yawo, n'kulandira zawo, n'kukalavulira kunja kwa geti. M'kati mwa mpanda sankalavula, chifukwa nawonso anali ndi ana.

Lachitatu lina madzulo, ali pakhonde kumata chubu cha njinga, anaona mlamu wawo akubwera. Anali mng'ono wa akazi awo, amene onse ankamutcha amake mapasa. Mwamuna wake anamwalira mapasawo akukwawa, ndipo ndi a Chikhutu omwewa amene anamupezera ntchito yochapa ndi kusita ku nyumba ina ya kumtunda, ya geti lakuda, kumene iwo ankakonzako mapaipi kwa zaka zambiri. Masiku onse ankabwera ndi zigubu ziwiri zodzadza, chimodzi pamutu china kumanja. Adona a nyumbayo ndiwo anamuloleza kumatunga pa mpopi wa kuseri akamaweruka. Chigubu chimodzi chinkapita kwa mapasa, china chinkatsala kwa mkulu wake. Tsiku limeneli zigubu zinkangogundana, zopanda kanthu.

"Alamu, lero mwabwera ndi ng'oma?" anatero a Chikhutu. "Tivine?"

Amake mapasa sanaseke. Anakhala pansi pafupi ndi mkulu wake, n'kutula zigubu.

"Akuti ndine wakuba, alamu. Akuti miyezi itatu iyi madzi akutha ngati m'nyumbamo muli fakitale. Akuti ndimagulitsa kuseri, ndimaitana anthu ndi ngolo. Ine! Adona akuti chikapanda kuoneka chifukwa china pofika Lachisanu, nditenge nsalu yanga ndizipita."

"Zigubu ziwirizi ndiye zathetsa madzi?" anafunsa akazi a a Chikhutu. "Nanga dziwe lija mumati ana awo salowamo?"

"Dziwe ndi lawo, achemwali. Chigubu ndiye changa."

A Chikhutu anasiya chubu. Ankadziwa kuti kumtunda wantchito akachotsedwa ndi dzina la kuba, mbiri imadumpha mipanda kuposa mphaka, ndipo palibe geti lina lingamutsegukire. Anamuuza mlamu wawo kuti apukute misozi, mawa m'mawa apitira limodzi. Analankhula motsimikiza, poti madzi anali asanawabisalirepo.

M'mawa mwake mlonda anawatsegulira geti. Wagadeni anali atayamba kale ntchito ya tsiku ndi tsiku, kutsuka njira ya galimoto ndi paipi ya labala kuti matayala a abwana asatole fumbi. Tsache linali litatsamira khoma, latsopano, mapepala ake a kusitolo asanachotsedwe. Adona anatuluka atavala mkanjo wa m'nyumba, kapu ya tiyi kumanja.

"A pulambala, ndikudziwa kuti uyu ndi wachibale wanu," anatero. "Ndiye musandinamize ayi. Mukapeza kanthu, ndikaone ndi maso anga."

"Muona, adona. Ndikupempha kuti mipopi yonse itsekedwe, wagadeni ayambe wazimitsa, makina ochapira asayatsidwe. Kwa mphindi khumi pasapezeke wotsegula kalikonse."

Umu ndi mmene ankayambira nthawi zonse. Zonse zikatsekedwa, mita iyenera kuima. Anakagwada pa kabokosi ka mita pafupi ndi geti, n'kupukuta galasi ndi chala. Kamuvi kankazungulira ngati kakuthamangitsidwa. Amake mapasa anali ataima potero, manja ali kumbuyo, zigubu zili kunyumba. A Chikhutu anawaitana adona kuti aone.

"Wakuba wanu uyo waima apoyo, adona. Nanga akutunga ndani?"

Adona anangokweza mapewa. "Ndiye mupezeni."

A Chikhutu analowa m'nyumba atavula nsapato. Anayamba ndi khitchini, kenako zipinda, chimodzichimodzi. M'chipinda cha alendo munkanunkha chinyezi ndi mankhwala a njenjete, bedi litayalidwa bwinobwino kudikira munthu amene sanabwerepo. Anavundukula kathanki ka chimbudzi chilichonse, n'kugunditsa chitsulo chawo. Chimodzi chinkadontha pang'ono, koma osati moti n'kuthamangitsa mita chonchija. M'bafa la abwana munali mipopi yonyezimira ndi matawulo asanu ndi atatu, onse ochapidwa ndi manja a mlamu wawo. Anayang'ana giza, chotenthetsera madzi osamba, anayang'ana dziwe losambiramo, limene pamwamba pake pankayandama masamba ndi mpira wakuphwa. Zonsezi zinkamwa madzi mwaulesi wa masiku onse, koma chilombo chenicheni sichinali m'menemo.

Anatulukira kuseri, kumene thanki lalikulu linakhala pamwamba pa nsanja ya zitsulo, pafupi ndi khoma loyera la nyumba. Pansi panali pouma gwa, miyala yoyalidwa bwino, maluwa m'miphika. Anagunditsa chitsulo pa paipi yokwera ku thanki, n'kutsinzina. Anamva mkokomo ngati wa mvula ikubwera patali. Anasuntha chitsulo n'kuchiika pa paipi ina yotsika kuseri kwa nsanja, yopakidwa penti yoyera kuti isaoneke. Namonso munali mkokomo womwewo. Asanatsegule maso, paipi imeneyo anali ataizindikira kale. Anaiika ndi iwowo.

M'thanki mumakhala kampira koyandama. Madzi akadzadza, kampirako kamakwera n'kutseka polowera. Kakawonongeka, madzi saleka kulowa, ndipo amatulukira pa kapaipi kakafupi ka pamwamba, n'kumagwera poyera kuti aliyense aone kuti zinthu zavuta. Kapaipi kameneko ndi pakamwa pa thanki. Zaka zinayi m'mbuyomo kampira ka nyumba iyi kanafapo, madzi anagwera pakhoma masiku awiri, n'kusiya mzere wa ndere pa penti. A Chikhutu anabwera n'kusintha kampira. Koma adona, amene sabata imeneyo ankayembekezera alendo a chinkhoswe cha mwana wawo, anati safunanso kuona chinthu chikulavulira khoma lawo. Paipiyo itsike mobisika, ilowe pansi, ikathire m'ngalande ya zonyansa. A Chikhutu anayesa kunena kuti mukatero, tsiku lina thanki lidzalira popanda womva. Adona anati, "Ine ndikulipirani kuti mugwire ntchito kapena kuti mundiphunzitse?" Iwo anatenga piki n'kukumba. Anagwira ntchito yaukhondo kwambiri moti adona anawayamikira kwa anzawo a mumsewumo.

Anakwera makwerero n'kuvundukula thanki. Kampira kanali katang'ambika, katamira, kali lende pansi pa madzi. Miyezi itatu, usana ndi usiku, madzi oyera akumwa ankalowa pamwamba n'kutsikira m'ngalande ya zimbudzi, pamene akazi awo ankadzuka m'mamawa kukaima pamzere wa mjigo. Anakhala pamwamba pomwepo kwa kanthawi, atagwira chitsulo cha nsanja, osadziwa kuti anyansidwe ndi ndani poyamba.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anaganiza zongosintha kampira, n'kunena kuti vuto linali limenelo, za paipi osazitchula. Anatsika ndi kampira kong'ambikako n'kukawaonetsa adona, amene tsopano anali ndi amuna awo pakhonde. Abwana anali atavala tayi, makiyi a galimoto ali kumanja.

"Kampira aka kanafa, bwana. Thanki limangosefukira."

Adona anakayang'ana kampirako ngati awapatsa chule. "Kusefukira kupita kuti? Ine ndimadutsa pathankipo tsiku lililonse. Pouma ngati pa tebulo. Miyezi itatu madzi akutayika, osaoneka ndi dontho lomwe? Ndinanena ine, a pulambala, magazi ndi magazi. Mwathyola dala kameneka kuti mupulumutse mlamu wanu."

"Mayiwa akunena zoona," anatero abwana, akuyang'ana wotchi. "Madzi sauluka. Ali kuti?"

A Chikhutu anatembenuka. Amake mapasa anali pa chingwe cha zovala, akuyanika mashiti, koma khutu lili kuno. Manja ake anali otuwa ndi sopo, zala zitachita makwinya. Mlandu suwola. Iwo anapempha mlonda kuti awabwereke chitsulo chotsegulira, n'kuwauza eni nyumba kuti awatsate.

Chivundikiro cha ngalande chinali kuseri kwa maluwa, atachibisa ndi mphika waukulu. Anausuntha, n'kukanula chivundikirocho. Fungo linatuluka loti adona anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Pansipo, pakati pa zonyansa za nyumba yonse, paipi yoyera inkakhuthula madzi owala mbee, amphamvu ngati mkono wa munthu. A Chikhutu anagwada, n'kupisa dzanja, n'kutapa pang'ono kuti onse aone kuti si a m'chimbudzi.

Abwana anaiwala za wotchi. "Wopusa amene analumikiza thanki ku ngalande ndi ndani?"

"Ndine, bwana."

"Inu? Zaka zonsezi tikukukhulupirirani?"

"Ndinauzidwa kutero, bwana. Madzi ankadetsa khoma, nthawi ya chinkhoswe ija."

Onse anayang'ana adona. Adona anachotsa dzanja pamphuno, nkhope ili gwa.

"Ine ndingadziwe bwanji za mapaipi? Ndinangoti khoma lisade. Katswiri ndi iwowo. Akanandiuza kuti n'zoopsa, ndikanakana?"

A Chikhutu anali atawachenjeza ndithu. Mboni ya tsiku limenelo inali piki, ndipo piki silankhula. Komanso anaona kuti adona akachita manyazi pamaso pa amuna awo ndi antchito, manyaziwo akathera pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo sakhala pulambala amene amabwera kamodzi pa chaka. Anameza mawu awo n'kuwerama.

"Ndinalakwitsa ndine, bwana."

Abwana analankhula zambiri, za umbuli, za anthu ophunzirira ntchito pa nyumba za eni ake, za kampani ina ya anyamata a yunifolomu imene azidzaiitana kuyambira tsopano. Anati a Chikhutu asinthe kampirako lero lomwe, kwaulere, ndipo anzawo onse a mumsewumo amva zimene zachitika. Kenako anakwera galimoto, matayala akuponda njira yotsukidwa ija, n'kupita. Za amake mapasa sananenepo kanthu. Palibe anapepesa, palibe ngakhale anamuyang'ana.

A Chikhutu anasintha kampira. Paipi yokwiriridwa ija anafuna kuidula kuti pakamwa pa thanki pabwerere poyera, koma adona anawaletsa. Anati imeneyo isiyeni mmene ilili, khoma angolipaka kumene penti. Atatsika, anakagwadanso pa mita. Kamuvi kanali kataima nji. Anawaitana adona, ndipo adona anasuzumira n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza zimene ankanena kale.

"Chabwino. Mtsikanayu akhale, azigwira ntchito." Mtsikana amene ankanenedwayo anali ndi zaka makumi anayi ndi ana awiri a sekondale. "Koma kuti tisadzakayikirane kachiwiri, za zigubu zithe. Chifundo n'chimene chimabweretsa zonsezi. A pulambala, musanapite, mundiikire loko pa mpopi wa kuseriwo. Kiyi azikhala ndi ine."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi loko watsopano, n'kuwapatsa m'manja. A Chikhutu anaima naye lokoyo pafupi ndi mpopi umene anauika okha zaka zapitazo. Zigubu ziwiri patsiku. Madzi amene anatayika m'ngalande muja m'tsiku limodzi lokha akanadzadza zigubu za mlamu wawo miyezi ingapo. Anafuna kumuponya lokoyo m'dziwe la masamba lija, atenge njinga yawo azipita. Amake mapasa anabwera ndi beseni lopanda kanthu, n'kuima pambali pawo ngati akudutsa.

"Ikani, alamu," ananong'ona. "Mapasa akulemba mayeso chaka chino."

A Chikhutu anaboola chogwirira cha mpopi, n'kupinda kachitsulo, n'kulowetsa loko. Manja awo sankadziwa kugwira ntchito yoipa, ndipo nayonso iyi inatuluka yaukhondo. Adona anayesa kupotokola mpopi, sunasunthe. Anatenga kiyi n'kumumangirira pa makiyi anzake.

Madzulo anatuluka limodzi, a Chikhutu akukankha njinga, mlamu wawo atakulunga nsalu m'khwapa. Wagadeni anali atayambiranso kutsuka njira ya galimoto pokonzekera kubwera kwa abwana, poti mpopi wa kutsogolo unalibe loko. Madzi ankatuluka pansi pa geti n'kumatsetsereka mumsewu, ndipo awiriwo anachita kudumpha kuti asanyowetse nsapato. Pa geti lachitatu, mlonda wa kumeneko, amene masiku onse ankawakuwira a Chikhutu kuti alowe amve za giza, anangoyang'ana kumbali. Nkhani inali itafika kale.

"Pepani, alamu," anatero amake mapasa. "Ndakudyetsani ntchito."

"Inadyedwa kale, alamu, tsiku limene ndinanyamula piki. Inu muzingofika m'mawa, osachedwa."

Kunyumba anapeza akazi awo ali pakhomo. Anayang'ana m'manja mwa mng'ono wawo, anayang'ana pa kaliyala wa njinga, ndipo sanafunse za zigubu. Anangofunsa ngati ntchito ilipo. Atamva kuti ilipo, anati zikomo Mulungu, n'kulowa m'nyumba. A Chikhutu anakhala pa mpando wawo wa pakhonde. M'manja munkanunkhabe ngalande ya nyumba ya geti lakuda, fungo lolowa mpaka m'zikhadabo, ndipo chakudya chinali chitapsa. Akazi awo anabwera ndi kapu yapulasitiki, madzi ali theka, n'kuika beseni pansi kuti otsikawo asatayike.

"Tambasulani manja, bambo. Musambe mosamala, atsala ndi omwewa."